Kalamba ka Pamkono ndi Masiku Ochapa

Lolemba, 6 Meyi

Akuti ndikadina pofiirapa ndizingolankhula, foni ilemba yokha. Ndadina. Tizilembo tikuthamanga, ndiye kuti ikumva.

Sukulu ndinalekera kalasi yachitatu. Kuwerenga ndimatha pang'onopang'ono, kulemba dzanja limakana. Choncho ndilankhula modekha, mawu amodziamodzi, kuti isandilembere zopusa.

Foniyi wandipatsa ndi mzime wanga, namwino wa ku chipatala chachikulu. Yake yakale. Akuti zolembedwa muno ndi zanga ndekha, sizipita kwa munthu. Ndamufunsa kawiri, wayankha chimodzimodzi.

Wandimanganso kalamba pamkono. Kakuda, ngati wotchi koma kopanda manambala. Kunsi kwake kagetsi kobiriwira, kakuphethiraphethira. Ndikavale milungu iwiri osavula. Kamamvetsera mtima n'kumatumiza ku kompyuta ya kuntchito kwawo. Kompyutayo akuti anaiphunzitsa ndi mitima ya anthu ankhaninkhani mpaka inadziwa kusiyanitsa mtima woyenda bwino ndi wotsimphina. Ulipo mtima umene umagunda mosokonekera, mwini wake osamva kanthu, akudya, akuseka. Magazi amachedwa m'kati n'kuundana, kachibuluma n'kukatseka njira m'mutu. Sitiroko. Mmene anapitira mkulu wanga, tsache lili m'manja.

Ine wa BP, ndiye anayambira ine. Bambo ake anawabweretseranso kawo. Akana. "Zomanga pamkono n'za akaidi. Zaka zonse ndayendetsa basi zija, injini yanga sinagogodepo." Mwana anangoseka n'kukabwezera m'chikwama.

Mwana amene ndinkamuchapira yunifomu imodzi yomweyo madzulo alionse kuti iume pofika m'mawa. Lero akunena za kompyuta ngati akunena za mnansi wake. Ndinamuperekeza mpaka pamsewu, mkono wa kalambawo ndili nawo kunja kwa juzi. Aone.

Lachinayi, 9 Meyi

Tsiku lochapa.

Izi mzime sadziwa. Chaka chatha BP itakwera anandiletsa kuchapira anthu, ine ndinavomera pakamwa. Ena onse ndinawasiyadi, koma maovolosi a anyamata a pagalaja ndinapitiriza, Lolemba ndi Lachinayi m'mawa. Ndalama amatumiza mwanayo, sindikudandaula. Koma munthu wamkulu kupempha mwana ya sopo, ya machesi, ya chopereka. Ayi. Manja ndili nawo.

Ndinavula kalamba n'kukakoleka pamsomali wa kubafa. Madzi anga si osamba. Otentha, sopo waukali, mafuta akuda a injini. Kanthu ka chipatala kakabwerere kakununkha galaja? Sindinamalize ngakhale ovolosi imodzi, kayamba kulira ngati njuchi yatsekeredwa m'botolo. Kenako foni. "Amayi, mwavula chifukwa chiyani?" Kani kakachoka pakhungu kamakanena. Ndinati ndimasamba. Akuti madzi sakaononga, ndivale.

Ndinaima pakhonde, manja thovu lokhalokha, chochita osachidziwa. Bambo anatsitsa wailesi n'kutambasula mkono. "Bweretsani kuno kakaidi kanuko kasiye kulira." Ndinawamanga, chibowo chomaliza, mkono wawo ndi waukulu. Kanangoti zii. Iwo n'kubwerera ku nkhani za pawailesi. "Mtima ndi mtima, mayi." Tinaseka.

Nditayanika ndinatenga kalamba kanga. Foni sinalirenso.

Msana. Ndagona masana, zomwe sindichita.

Lolemba, 13 Meyi

Kuchapa. Bambo atambasula mkono ndisanapemphe n'komwe, maso ali kumsewu, ngati munthu wolipira m'basi.

Mwini galaja pobwera kudzatenga: "Agogo, mwayamba mawotchi a achinyamata? Amene akukuimbirani ndani?" Ndinati amene akundiimbira anaphunzira kuposa galaja yonse. Anaseka mpaka kutsokomola.

Zala zang'ambika m'mbali mwa zikhadabo. Mafuta odzola atha. Magetsi anazima tsiku lonse, mkaka wawonongeka.

Lachinayi, 16 Meyi

Zomwezo. Ovolosi ya wopenta wa pagalaja siyera, kaya ndichite bwanji.

Kalamba kakundiyabwa, pansi pake patuluka totupa. Maola amene kamakhala kwa bambo ndiye mkono umapumako mphepo.

Chisamba wanga, mwana woyamba, waimba kuchokera kutali kuja. Moni, ana ali bwino, foni yaduka. Sanaimbenso.

Lolemba, 20 Meyi

Kuchapa komaliza ndi kalamba. Masana mzime wabwera kudzakatenga. Ndinakapukuta ndi kansalu koyera, ndinakanunkhiza. Kalibe mlandu.

"Mwakasamala bwino amayi, ena amabweza kosweka." Ndinamva bwino. Ndisabise.

Mkono wapepuka. Basi, zatha.

Lachisanu, 24 Meyi

Ndilankhula pang'onopang'ono chifukwa mutu sunakhazikike.

Dzulo mzime anaimba, mawu ake aja a kuntchito, osalala kwambiri. Akuti ndibwere kuchipatala m'mawa, ndisadye nkhawa. Ndapita. Anandigoneka pabedi lokhala ndi pepala, timawaya pachifuwa, m'manja, m'miyendo, tozizira. Makina anatulutsa pepala lalitali. Dokotala, mnyamata wa magalasi, waulemu ndithu, analiyang'ana n'kunena kuti lero mtima uli bwinobwino. Koma akuti ndi mmene amachitira matendawa, amabwera n'kubisala. N'chifukwa chake pali kalamba, kamene sikagona.

Anatembenuza kompyuta kuti ndione. Mizere yobiriwira yambiri, masiku onse. Pena ndi pena yofiira. Anandiwerengera yofiirayo. Lachinayi m'mawa. Lolemba m'mawa. Lachinayi m'mawa. Lolemba m'mawa.

"Amayi, mumakhala mukutani masiku amenewa?"

Mwana wanga ali chiimire kumbuyo kwa dokotala, yunifomu yoyera mbee, akundiyang'ana ndi maso a chisoni.

Ndinati ndimakhala ndili pakhomo.

Si bodza. Ndimakhaladi pakhomo.

Akuti sabata ya mawa ikatha andimata kena pachifuwa kuti atsimikize, kenako mankhwala oti magazi asamaundane. Ndinagwedeza mutu. M'minibasi ndinapitirira siteji yathu, ndinazindikira ndili kumsika. Ndabwerera wapansi.

Bambo ndawapeza pakhonde akukonza chogwirira cha ketulo. Akuimba kamluzu.

Loweruka, 25 Meyi

Ndawauza m'mawa tikumwa tiyi. Zonse, mpaka mizere yofiira.

Poyamba kuseka. Akuti kanthu kanazolowera kamtima ka mayi wokalamba, kakumana ndi injini ya lole, kadabwa. Nditaona kuti akupitiriza nthabwala ndinati bambo, mkulu wanga naye sankamva kanthu. Kuseka kunatha. Anaika kapu pansi mwamphamvu, tiyi kutayikira pansalu ya patebulo.

"Ine ndimakudziwani thupi langa kuposa kagetsi." Anatero, ndimakudziwani, lilime linawaphonya ndi mkwiyo. Sindinawakonze.

Akuti ndisauze mwana. Ndikamuuza adziwa za maovolosi, adziwanso kuti makolo ake anapusitsa chipatala ngati ana a sukulu. Izi ndiye zoona, n'zimene zikundiwawa.

Ndachapa nsalu ya patebulo. Banga la tiyi silinachoke lonse.

Lachiwiri, 28 Meyi

Mzime wabwera ataweruka, zikwama ziwiri. Zipatso, mafuta odzola, kabokosi ka mapiritsi kokhala ndi tizipinda ta masiku. Ndi nsalu ya diresi, yabuluu.

Nsaluyo ili ndi nkhani. Pa anthu onse amene anavala tilamba m'dera lino, woyamba kupezeka ndi matendawa ndine. Mayi wake wa namwino yemwe. Akuluakulu ake akondwa, akuti ndi umboni woti ntchitoyi ndi yofunika. Mwezi wa mawa kuli msonkhano, kubwera anthu amene amapereka thandizo, akufuna ndikaime kutsogolo ndinene mawu awiri. Mwana wanga akakhala pambali panga.

Amanena akumwetulira, misozi ili m'maso. "Ndikanapanda kukukakamizani, amayi, bwenzi tikukutolani pansi ngati amayi aakulu."

Ndinagwira nsalu. Yabwino, yosachucha.

Moyo wanga wonse ndalakalaka tsiku loti ndiime pagulu anthu anene kuti awa ndiwo anabereka uyu. Labwera, koma lavala za eni.

Pochoka wasiya malamulo. Ndisanyamule cholemera. Mpopi wathu ukauma, madzi a kumpopi wa kumunsi azitunga ndi bambo. "Inu bambo amphamvu, injini yosagogoda, muziwathandiza amayi." Iwo n'kudziguguda pachifuwa. Anandiyang'ana mwakachetechete, ine ndinayang'ana pansi.

Lachinayi, 30 Meyi

Sindinachape. Ndawabwezera maovolosi awo akuda momwemo, ndati manja akupweteka. Mwini galaja sanachite nthabwala lero, anangoti mupole agogo.

Mpopi wauma kuyambira dzulo. Ndinatenga ndowa, bambo andilanda. Akuti lamulo la adokotala. Ndinaima pazenera kuwaonerera akukwera kamtunda, ndowa ziwiri. Pakati panjira anaziika pansi n'kuwerama, ngati akumanga chingwe cha nsapato. Avala patapata.

Mwina ankachita choncho kale, ine osaona. Munthu ukakhala naye zaka zambiri umasiya kumuyang'ana, umangomumva kuti alipo, ngati khoma.

Masana atagona pampando ndinawagwira pamkono mmene amachitira mwana. Sindinamve kanthu. Zala zanga zinafa ndi sopo kalekale. Anatsegula diso limodzi. "Mukufuna wotchi? Ndinagulitsa."

Mankhwala a magazi akubwera kwa ine, wopanda vuto. Mwini vuto akusenza madzi.

Ndatopa. Osati msana.

Loweruka, 1 Juni

Ndanena.

Ndinamuimbira mzime kuti abwere, osati mawa, lero. Ndinamutengera kuseri kwa nyumba, pamwala wochapira. Ndinamuonetsa beseni lakuda ndi mafuta, msomali wa kubafa, manja anga. Ndinayamba ndi maovolosi chifukwa ndiwo opepuka. Anayamba kukalipa, ndinati dikira, sindinafike.

Nditafika pa za bambo ndi kalamba anakhala pansi pamwalapo, osapukuta n'komwe. Ndinkadikira za msonkhano, za akuluakulu ake, za manyazi. Sanatchule.

Anangofunsa ngati bambo anavalapo kalamba tsiku lina lililonse kupatula ochapawo. Ndinati ayi. Anafunsa ngati linalipo tsiku lochapa limene sanavale. Ndinati ayi.

"Ndiye kuti si za Lolemba ndi Lachinayi, amayi. Nthawi iliyonse imene kanawakhudza kanapeza zomwezo. Mwina ndi mmene ukugundira masiku onse."

Izi sindinaziganize. Ine ndimati matendawa ali ndi masiku ake.

Anadzuka, anapita pakhonde, anagwada pafupi ndi mpando wawo ngati akupereka moni. Anawagwira mkono. Iwo anafuna kuchotsa, koma mwana anali atagwira kale, ndipo uyu pogwira anatengera ine. Ankayang'ana wotchi yake, milomo ikuwerenga. Nkhope ndinaiona.

"Ndi dzanja lako likunjenjemera, iwe," anatero bambo ake.

Wawapempha kuti Lolemba apite kuchipatala. Wawachonderera, wawaopseza, walira. Ayi basi. Atachoka sanandilankhule. Chakudya chamadzulo adya atatembenukira kukhoma.

Nsalu yabuluu ndaiika pansi pa sutikesi.

Lachiwiri, 4 Juni

M'nyumba muli ngati mwagona alendo osagwirizana. Mchere, ndipatseni. Chitseko, tsekani. Basi.

Ndowa ndabisa kwa aneba. Madzi ndikugula kwa wa njinga, ndi zimene ndinasunga za maovolosi. Zikutha.

Dzulo bambo analankhulako, osandiyang'ana, akupukuta wailesi. Za kondakitala wawo wakale, amene anayenda naye misewu yonse. Anapita kuchipatala ndi miyendo yake, kukangoyezetsa, akuseka. Anamupeza ndi kanthu. Kuyambira tsiku limenelo anakhala wodwala, mkazi wake kumuletsa ichi, ana kumuletsa icho, mpaka anaiwala kuti anali munthu. "Sanafe ndi matenda uja. Anafa ndi kuuzidwa."

Ndinafuna kunena kuti mkulu wanga sanauzidwe, nanga ali kuti. Ndinameza. Mawu ena ukawaponya sabwerera.

Mzime akuimba m'mawa ndi madzulo. Amwa madzi? Akulankhula bwino? Nkhope siinapindike mbali imodzi? Wandiphunzitsa zoyang'ana. Tsopano ndimawayang'ana pakamwa akamatafuna, m'manja akamanyamula kapu. Azindikira. Akuti ndasanduka wapolisi wa pamsewu.

Lachisanu, 7 Juni

Za kuntchito kwake sanandiuze yekha. Ndamva kwa mnzake amene amakhala naye nyumba imodzi, ndinakumana naye pogula mankhwala anga a BP.

Lolemba m'mawa mwana wanga anapita yekha kwa mkulu wawo wa kuntchito n'kunena zonse. Kuti mtima umene alemba pa dzina la mayi ake si wa mayi ake. Kuti ndi iye anandimanga kalamba, ndi iye anaimba foni tsiku loyamba n'kukhulupirira za kusamba. Amuchotsa kaye pa ntchito ya tilamba, amubwezera kuwodi. Za ine pamsonkhano zafufutidwa. Ena akuseka m'makonde, akuti kompyuta ya namwino yapeza matenda mwa munthu amene sanalembetse n'komwe. Ena akuti mwina palibe wodwala aliyense, makinawo ndi abodza, ndipo banja lonse likungophimbirana.

Akanatha kukhala chete. Akanandimata kapachifuwa kaja, kakanapeza mtima wabwino, nkhani n'kuzilala yokha. Ine ndikanatero mwina. Iye ayi.

Ndafika kunyumba, sindinavule nsapato. Ndaima patsogolo pa bambo n'kuwauza mmene ndamvera, osawonjezera, osachotsera. Sindinapemphe kanthu. Ndatopa nako kupempha.

Anazimitsa wailesi pakati pa mpira. Sindinaonepo.

"Akuti mwana wanga ndi wabodza?"

Ndinati akuti makina ndi abodza.

"N'chimodzimodzi."

Anakhala pomwepo mpaka dzuwa kulowa. Kenako anafunsa ngati shati yoyera ili yosita.

Lolemba, 10 Juni

Ndikulankhula motsitsa, ndili pabenchi ya chipatala. Wina pafupi nane akuyesa ndikupemphera.

Bambo anadzuka ine ndisanadzuke. Shati yoyera, jekete, nsapato zopolisha, chipewa. M'minibasi anamuuza dalaivala kuti akusintha magiya ngati akuswa nkhuni. Pageti anandiimitsa. "Mumve bwino, mayi. Ine sindikudwala. Ndabwera kudzakonza dzina la mwana." Ndinati ndamva bambo. Anene zimene afuna, bola alowe.

Pakhomo la chipinda anandipatsa chipewa kuti ndisunge. Mzime anachoka kuwodi kudzalowa nawo. Ine andisiya kunja.

Papita nthawi. Alowa ena, atuluka. Mwendo wachita dzanzi.

Mwana anatuluka kamodzi. Anakhala pambali panga pang'ono chabe, akununkha mankhwala a m'wodi. Akuti sizinafune kusaka, pepala loyamba lomwe laonetsa. Dokotala wa magalasi waitana mnzake wamkulu. Mankhwala ayamba lero, ena a magazi, ena oti mtima usamathamange. Akuti tafika nthawi yabwino. Ndinafunsa za ntchito yake. Anati, "Zisiyeni izo amayi," n'kubwerera m'kati.

Nthawi yabwino. Kaya. Sindikudziwa ngati ndiseke kapena nditani. M'mimba muli njala, sitinadye.

Chitseko chatseguka. Ndi iwo. Kathumba ka mapiritsi m'manja, akukagwira patali ngati si kawo. Mabatani a shati aphonya limodzi, kolala yakwera mbali imodzi. Munthu amene sanatulukepo m'nyumba chotero. Akuyang'ana uku ndi uku m'khonde, sakundiona, chonsecho ndili pomwe anandisiya.

Chipewa sakuchifuna n'komwe. Akufuna ine.

Ndiime. Pozimitsa ndi pati